A Saizi ndi Nsapato za Nambala Fotini

A Saizi anakhala pageti la sukulu ya asisitere zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma mukanawafunsa ngati mphunzitsi wa masamu ali ndi ndevu, sakanakuyankhani. Nkhope za anthu analibe nazo ntchito. Munthu akamabwera poteropo, maso awo ankayambira kumapazi n'kuthera komweko, ndipo moni wawo unali wa nambala ya nsapato.

"Mwadzuka bwanji, a Seveni?"

"Ine ndine mphunzitsi watsopano wa sayansi, bambo."

"Inde, a Seveni. Chidendene chakumanzere chikudyeka mbali imodzi. Mubwere nayo masana."

Ife amene timayala makope ndi zolembera kunja kwa mpanda tinawayesapo. Tsiku lina tinadutsitsa anthu makumi atatu pageti, wina pambuyo pa mnzake, ndipo anaphonya mmodzi yekha. Titafufuza, tinapeza kuti munthuyo anavala nsapato za mlamu wake.

Amene anasauka nawo kwambiri anali a Sisitere aakulu, oyang'anira sukuluyo. Anali mayi wamfupi, woyenda mofulumira, amene ana mazana anayi ankakhala chete akangomva makiyi awo akulira m'khonde. Aphunzitsi ankawaopa, makolo ankavula chipewa. A Saizi ankawatchula kuti a Foro ndi Hafu, ndipo a Sisitere atakalipa zaka zisanu zoyambirira anangosiya n'kumavomera.

Sukuluyi ili ndi ntchito yake ya Loweruka m'mawa. Kageti kakumbuyo kamatsekulidwa, ndipo anthu ogona m'makhonde a masitolo ndi pansi pa mlatho amalowa kudzasamba madzi otentha, kumwa tiyi ndi buledi, ndi kuonedwa zilonda. Ana asukulu amatumikira mosinthana, kalasi ndi kalasi. A Saizi anadzipatsa okha gawo la mapazi. Anaika bokosi lalikulu lamatabwa pakhomo la tchalitchi kuti ana aziponyamo nsapato zimene zawachepera, iwo n'kumazisoka ndi ulusi wawo wachikasu, Loweruka n'kumaveka anthu.

Bokosilo linali ndi lamulo, ndipo lamulolo analipanga okha osafunsa munthu. Nsapato ili m'bokosi, ili pamwamba pa bokosi, kapena yatsamira bokosi, ndi ya Ambuye.

Ana ankalizungulira bokosilo patali ngati muli njoka. Mtsikana wina anayanika nsapato zake zampira pamenepo, pobwerera kuchokera kukadya anapeza dzuwa lokha. Mphunzitsi wa mbiri anangokwezapo phazi kuti amange chingwe, poweramuka anapeza a Saizi ataima pambali, dzanja atatambasula.

"Phazi ndi lanu, aphunzitsi. Chinacho ndi cha Ambuye."

"Bambo, ndikupita kukaphunzitsa!"

"Mumaphunzitsa ndi pakamwa, a Naini."

Madandaulo onsewa ankathera patebulo la a Sisitere. Tsiku lina anawaitanitsa, atakonzeka kuwatsuka mokwanira.

"A Saizi, sukulu ino si fakitale ya nsapato. Anthu amenewa tikuwapatsa chakudya, tikuwapatsa sopo, tikuwapempherera. N'chifukwa chiyani inu mwakakamira mapazi?"

"A Foro ndi Hafu," iwo anayankha, maso ali pansi pa tebulo, "Ambuye Yesu tsiku lija lotsiriza sanapese tsitsi la ophunzira awo. Anagwada. Ine ndikungotsatira pomwe anagwira."

A Sisitere anaphunzira za Mulungu zaka zisanu ndi ziwiri, koma anangoti, "Tsekani chitseko potuluka."

A Saizi eni akewo ankavala nsapato zosiyana, ina yakuda ina yofiirira, chifukwa ankatenga zokhazo zimene zasowa inzake. M'kanyumba kawo kapageti munali nsapato makumi anayi ndi zitatu za phazi limodzilimodzi, zitafoledwa pathabwa. Ukawauza kuti azitaye ankadabwa nawe. "Zikudikira anzawo. Inu mwamuna wanu akachedwa kubwera mumadzitaya?"

Pa anthu onse a Loweruka, mmodzi yekha ndi amene anawasowetsa mtendere. Anali bambo wamtali ngati chitseko cha tchalitchi, wa mawu aang'ono, wofatsa, amene ankagona pakhonde la sitolo ya zitsulo chitsekedwere fakitale imene ankagwirako. Tsiku loyamba kumuona, a Saizi anavula chipewa, osati kwa munthuyo koma kwa mapaziwo.

"Fotini," anatero monong'ona. "Amayi Maria, fotini."

Kwa zaka zisanu ndi zinayi anaveka anthu mazanamazana, koma a Fotini ankabwera osavala n'kubwerera osavala. Sikuti a Saizi sanayese. Anadula kutsogolo kwa nsapato za nambala leveni, zala zonse zinatulukira panja ngati ana pawindo la basi. Kenako mipira iwiri yachikopa inasowa m'chipinda cha zamasewera, ndipo patapita sabata a Fotini anapatsidwa nsapato zozungulira, zosokedwa mwaluso, koma zonse ziwiri zinatuluka zakumanzere. Anayesa kuyenda nazo kuchoka pakageti kupita pampopi, anakathera kukhitchini. Anazibweza mwaulemu. "Zikomo, achimwene, koma zili ndi maganizo akeake."

Pa Misa ya sukulu, nthawi ya mapemphero a anthu onse, a Saizi ankaimirira Lachisanu lililonse. "Tipemphere kuti Ambuye atitumizire munthu wa nambala fotini amene nsapato zake sakuzifunanso." Ana onse ankayankha mwamphamvu kuti Ambuye timvereni. Zinatha pamene mayi wophika anafunsa a Sisitere kuti kodi munthu amasiya liti kufuna nsapato zake, ngati si tsiku limene wamwalira. A Sisitere analetsa pemphero limenelo. A Saizi anapitiriza chamumtima, milomo ikuoneka.

Ndiye linafika Loweruka lina, nyengo ya mvula, a Fotini anabwera ndi nkhani. Kapitawo wa kosungira simenti anawaona akuthandiza kukankha lole imene inatitimira, ndipo anawauza kuti Lolemba ayambe ntchito yonyamula matumba. Koma lamulo lakumeneko linali limodzi: wopanda nsapato zotseka salowa. Akapanda kufika Lolemba atavala, malowo apita kwa wina, pakuti pageti pawo pamaima amuna makumi awiri m'mawa uliwonse.

A Sisitere anaimva nkhaniyo ali ndi ketulo m'manja. Masana omwewo anazungulira okha masitolo asanu ndi imodzi ndi msika wa kaunjika. Kulikonse ankathera pa thwelofu. Wogulitsa wina anawafunsa ngati akufuna kuveka munthu kapena ng'ombe.

Lamulungu madzulo kunafika mlendo, wansembe wochokera kutali, wodzatsogolera m'bindikiro wa masiku atatu wa ana a folomu foro. Anafika pagalimoto mpaka pakhomo la nyumba ya alendo, choncho a Saizi sanawaone mapazi. Anali bambo wamkulu thupi, wosaseka, wodziwika kuti akaona chosalongosoka pasukulu amakachinena kwa Ambuye Episkopi tsiku lomwelo.

Lolemba kunacha ndi matope. Mlendoyo, posafuna kudetsa tchalitchi cha asisitere, anavula nsapato zake pakhomo, anazigogoda pang'ono, n'kuzitsamiritsa bwinobwino pa bokosi lamatabwa limene linali pomwepo. Analowa ndi masokosi.

A Sisitere anali atagwada kale kutsogolo. Belu la Misa, limene ankaliza a Saizi, limalira kakhumi ndi kawiri. Tsiku limenelo linalira kanayi, n'kuleka. Anatsegula diso limodzi, mtima unawauza kuti kunjaku kwachitika chinthu, koma Misa inali itayamba.

Itatha Misa, anapeza wansembe ataima pakhomo, akuyang'ana uku ndi uku, chala chachikulu chikusuzumira pa sokosi.

"Sisitere, nsapato zanga ndinaziika apa."

"Apa pati, Bambo?"

"Apa. Ndinazitsamiritsa pa bokosili."

Ana makumi asanu ndi limodzi amene anali kumbuyo kwawo anapuma mpweya nthawi imodzi. A Sisitere anayang'ana mapazi a mlendoyo koyamba, ndipo ngakhale iwo, amene sadziwa za manambala, anaona kuti pemphero loletsedwa lija layankhidwa pa munthu wolakwika.

A Sisitere anawapeza a Saizi pageti, atanyowa thupi lonse, akupuma mwawefuwefu, nkhope ikuwala ngati mwana wobatizidwa kumene.

"Zalowa, a Foro ndi Hafu! Ngati anabadwa nazo! Ndawaperekeza a Fotini mpaka pakhomo, kapitawo wawalemba dzina!"

"Nsapatozo ndi za Bambo."

"Zinali."

Wansembe anafika akudumpha zithaphwi, masokosi atasanduka dothi. Sanakweze mawu, ndipo ndi chimene chinaopsa kwambiri. Anafotokoza kuti nsapato zimenezo anachita kusoketsa, kuti ali ndi peyala imodzi yokhayo, kuti mapazi ake amatupa, ndipo dokotala anamuletsa kuyenda osavala.

"Bambo inu, mukudziwa kuti mwaba?"

"Ndikudziwa kuti zinatsamira, Bambo."

"Mukumva chisoni ndi zimene mwachitazi?"

A Saizi anatseka maso, anafufuza mumtima mwawo moona mtima. "Ndikuyesetsa, Bambo, koma sichikubwera."

A Sisitere anaona kalata yopita kwa Episkopi ikulembedwa kale pamphumi pa mlendoyo. Anaganiza za kageti kakumbuyo, kamene makolo ena akhala akupempha kuti katsekedwe. Anati, "A Saizi, pitani mukazitenge. Pompano."

"Ndipita, Sisitere." Aka kanali koyamba kuwatchula choncho, ndipo a Sisitere sanakukonde. "Koma tipitire limodzi. Ine ndikagwada n'kumasula zingwe. Mawu okawauza a Fotini mukanene ndinu, chifukwa ine ndilibe."

Mvula inayambanso kuwaza.

Ndipo a Saizi anatembenukira kwa mlendoyo, n'kuyamba kuwerenga pa zala. "Bambo, kuchoka kuchipinda chanu kufika kutchalitchi ndi mapazi makumi asanu ndi limodzi. Kodyera, makumi anayi. Kupita ndi kubwera katatu pa tsiku, simukwana mapazi chikwi chimodzi. A Fotini thumba lililonse ndi mapazi makumi atatu kupita, makumi atatu kubwera, matumba mazana awiri. Nsapato zija kwa inu zikungogona. Zibwerekeni mpaka Lachitatu. Mwina pofika Lachitatu Ambuye atumiza fotini wina."

"Wina woti mumubere?"

"Wina woti atsamiritse, Bambo."

Kaya chinali chifundo, kaya kunali kuzizidwa kwa mapazi, wansembe anavomera. Mpaka Lachitatu masana, osapitirira mphindi imodzi. Koma ayenda ndi chiyani masiku atatuwo? A Saizi analowa m'kanyumba kawo, anatuluka atanyamula nsapato za mipira zija.

M'bindikiro umenewo ana sadzauiwala. Unali wa chete, woletsa kuyankhula ndi kuseka, ndipo katatu pa tsiku ankaona wansembe wamkulu akunyamuka kulunjika kutchalitchi, n'kumakhotera pang'onopang'ono kukhitchini, mayi wophika n'kumubweza ndi chikho. Atsikana ena analuma mipango mpaka kuibowola. A Sisitere anati chiyambire sukuluyi sipanakhale ana amene anadziletsa kwambiri chotero.

Iwo eni sanaseke. Anaimba mafoni kumaparishi onse amene ankawadziwa, anafunsa kwa apolisi ndi kwa ozimitsa moto. Kunapezeka ya nambala satini imodzi, ya phazi limodzi. Lachitatu linafika, fotini wina sanabwere.

Masana galimoto inanyamuka: dalaivala, wansembe kutsogolo ndi chikwama chake, a Sisitere ndi a Saizi kumbuyo. Njira yonse a Saizi anangogwira chipewa pamaondo. Kosungira simenti anapeza lole ikutsitsidwa. A Fotini anali pamzere, oyera ndi fumbi kuyambira kumutu, thumba paphewa, akuyenda mwamphamvu moti pansi pankamveka. Ataona galimoto ndi anthu amene anatsikamo, sanadikire kuitanidwa. Anakatula thumbalo pamalo pake, anabwera, anagwada pang'ono kupereka moni, n'kukhala pansi pa mulu wa matabwa. Anatulutsa kansanza m'thumba, anapukuta nsapato yakumanja mpaka chikopa chinaoneka, anapukuta yakumanzere, kenako anayamba kumasula zingwe.

Kapitawo anali ataima pakhomo ndi buku lake, akuyang'ana. Kunja kwa waya amuna angapo amene ankadikira ntchito anayandikira.

Chingwe choyamba chinamasuka.

"Mukuchita chiyani?" anafunsa wansembe mwaukali.

"Ndikubweza, Bambo. A Saizi anandiuza kuti ndi mpaka lero. Zikomo kwambiri. Masiku atatu ndagwira."

Wansembe anayang'ana nsapatozo nthawi yaitali ndithu, ngati munthu wotsanzikana ndi m'bale wake padepoti.

"Ine ndabwera kudzakuuzani kuti yakumanzereyo imafinya chala chaching'ono kukagwa mvula," anatero. "Muziipaka mafuta. Mangani zingwezo, anzanu akukudikirani."

Anatembenuka, analunjika kugalimoto, anakhotera kumulu wa mchenga, dalaivala n'kukamutenga.

Galimoto inanyamuka, inafika pamphambano. Kenako wansembe anati, osatembenuka, "Sisitere, musandiyang'ane choncho, sindine woyera ayi. Mapazi akundipweteka ndipo ndakwiya. Bokosi lija mulichotse pakhomo paja lisanavule Episkopi."

"Ambuye Episkopi ndi eyiti," anatero a Saizi. "Eyiti tili nazo zambiri."

Bokosilo a Sisitere analisunthadi. Analisuntha mapazi awiri.

A Saizi anamwalira patapita zaka ziwiri, m'miyezi yozizira. Analiza belu la masana, kakhumi ndi kawiri, anakhala pakampando kawo ndi nsapato ya mwana wa folomu wani pamwendo, ndipo sanadzukenso. Singano inali ikadali m'chikopa. Amene anawapeza ndi mayi wophika, atawabweretsera tiyi, ndipo anayamba wawakalipira kaye kuti akugona pa ntchito.

Pa Misa ya maliro tchalitchi chinadzaza mpaka panja. A Sisitere analamula kuti anthu a Loweruka akhale mabenchi akutsogolo, aphunzitsi ndi makolo kumbuyo. Ataimirira kuti awerenge mawu, maso awo anatsikira pansi mwangozi, ndipo anataya mzere. Benchi loyamba lonse, lachiwiri, lachitatu, paliponse panali ulusi wachikasu: pachala, pachidendene, m'mbali. Anayamba kuwerenga mapazi m'malo mwa mawu, anafika pa makumi asanu ndi awiri, ndipo sisitere wina anachita kuwakoka mkono. Bokosi la maliro kumutu ananyamula a Fotini, amene tsopano ali ndi kachipinda kawo ka lendi kuseri kwa msika. Chifukwa cha kutalika kwa a Fotini, a Saizi anapita kumanda mutu uli m'mwamba, mapazi ali pansi, ndipo anthu anati ndi bwino choncho, aziona kumene akupita.

Pageti pano pali mlonda wina, munthu wabwino. Amayang'ana nkhope, amafunsa dzina, amalemba m'buku. Aphunzitsi amakweza phazi pa bokosi n'kumanga zingwe mosatekeseka, ndipo ena akamaliza amakhalabe choncho kanthawi, ngati akudikira kuti wina awakalipire. Nsapato makumi anayi ndi zitatu zija palibe amene walimba mtima kuzitaya. Ife akunja kwa mpanda timalandira moni wa mayina athu enieni, ndipo sumveka kukoma.

Loweruka loyamba a Saizi atapita, bokosi linali lodzaza, pakuti ana anaponyamo ndi nsapato zomwe zinali zisanawachepere. A Sisitere analikokera okha kukageti kakumbuyo. Anaganiza kuti ntchitoyo ndi yosavuta: kufunsa nambala, kupereka nsapato. Woyamba pamzere anali mayi wina wokalamba amene wakhala akubwera zaka khumi, wogona kuseri kwa sitolo ya mankhwala.

"Amayi, mumavala nambala yanji?"

Mayiyo anayang'ana mapazi ake, anayang'ana a Sisitere.

"Sindidziwa, Sisitere. Ankadziwa ndi a Saizi."

Anafunsa wachiwiri, anafunsa wachitatu. Pa anthu makumi atatu ndi anayi, odziwa nambala yawo anali asanu.

A Sisitere anaima kanthawi, makiyi ali chete m'chiuno. Kenako anatuma mtsikana wina kuti akatenge rula m'kalasi, anapinda malaya awo, n'kugwada pasimenti yonyowa.

"Bweretsani phazi, amayi. Mundipirire, ndine watsopano."